Kutsika njira yakuda sikukuyenerezani kulowa gulu lapamwamba

Nyengo ya chipale chofewa ikangoyamba m'mapiri a Alps ku Ulaya, ndimamva mawu amodzimodzi kuchokera kwa anthu ofuna kulembetsa maphunziro a ski (kutsetsereka pa chipale ndi timatabwa tovala kumapazi, timenenso timatchedwa ski) ya kunja kwa njira zokonzedwa: "Ine njira zakuda ndimatsika popanda vuto, ndiikeni m'gulu lapamwamba." Mawu amenewa anditopetsa, chifukwa wowanenayo amakhala akuyeza luso lake ndi muyeso wolakwika. Njira yakuda, imene ndi yovuta koposa pa njira zokonzedwa, ngakhale itatsetsereka chotani, ili ndi zizindikiro m'mbali, imayenderedwa ndi oyang'anira chitetezo, ndipo chipale choopsa chimene chili pamwamba pake amachigumula dala ndi zophulitsa anthu asanadzuke. Mukadutsa chingwe cha m'malire, zonsezi mwazisiya m'mbuyo.

Kunjako chipale chimasintha pa mtunda waufupi. Pena chimakhala chofewa chofika m'maondo, pena cholemera ndi chonyowa chifukwa cha dzuwa, pena chili ndi kachikhakha kolimba pamwamba kamene kamaswekera pansi mukangoyamba kukhota. Chomalizachi ndi chimene chimaulula msinkhu weniweni wa munthu. Choncho ndisanamuike wophunzira m'gulu, sindifunsa mtundu wa njira zimene amatsika. Ndimafuna kudziwa ngati amakhota mofanana kumanja ndi kumanzere m'chipale chosapondedwa, ngati angaime pamalo penipeni pamene ndamulozera osati mamita khumi kumunsi kwake, ngati angadzuke yekha ndi kuvalanso ski yovuka m'chipale chakuya, ndiponso ngati angachitebe zonsezi madzulo miyendo itatopa. Wokayika pa chimodzi mwa izi malo ake ndi m'gulu loyambira, limene limaphunzira pafupi ndi zikepe pa malo osatsetsereka kwambiri, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Gulu lapakati ndi la amene amatsika mtunda wautali osagwaigwa ndipo angayende chokwera atasenza ski. Gulu lapamwamba ndi la mipata yopapatiza ya pakati pa matanthwe ndi mitsinje ya madzi oundana, kumene kugwa kamodzi sikukhululukidwa.

Pali tsiku lina limene limandisowetsabe mtendere, ngakhale kuti palibe amene anavulala. M'gulu munali bambo wina wamphamvu, wothamanga kwambiri pa njira zokonzedwa, amene analemba pa fomu kuti ndi katswiri. M'mawa anayesetsa kubisa kutopa kwake. Masana tinafika pamalo poti tidutse chopingasa m'munsi mwa chitsetse chimene mphepo inaunjikapo chipale usiku, ndipo lamulo linali lakuti tidutse mmodzimmodzi, mofulumira, osaima. Iye anagwa pakati penipeni, ski imodzi inavuka n'kukwiririka, ndipo anayamba kuifukula ndi manja ali wefuwefu, magalasi atachita nthunzi. Mnzake, chifukwa cha chifundo, anabwerera kukamuthandiza, moti pamalo pamene sipanayenera kuima ngakhale munthu mmodzi panaima anthu awiri kwa nthawi yaitali. Chitsetsecho sichinagumuke, ndipo madzulo bamboyo ankaseka nkhaniyo ngati nthabwala. Chimene chimandivutitsa n'chakuti iye anapita kwawo akukhulupirira kuti anakwanitsa, osazindikira kuti bodza la pa fomu lija linaika pachiswe moyo wa anthu amene sanalembe nawo bodzalo.

Ndimaumirira nkhaniyi chifukwa manambala ake ndi osasekeretsa. Zigumukire zambiri za chipale zimayambira pa malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, amenenso ndi malo amene odziwa ski amawakonda, ndipo pa ngozi zambiri chigumukirecho chimayambitsidwa ndi wokwiriridwayo kapena anzake a m'gulu lomwelo. Mayiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1993 kugwiritsa ntchito muyeso umodzi wa ngozi, kuyambira 1 mpaka 5, umene mabungwe monga SLF ku Davos ndi Météo-France amalengeza tsiku ndi tsiku. Ambiri akaona 3 amati ndi pakatikati, pomwe pa mlingo umenewu ndi pamene pamachitika imfa zochuluka. Munthu wokwiriridwa akafukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, mwayi wopulumuka umakhala pafupifupi 90 pa 100 alionse, koma ikadutsa theka la ola mwayiwo umakhala utatsika kwambiri chifukwa mpweya umamuthera. Helikopita kawirikawiri siingafike m'nthawi imeneyo, ndipo womupulumutsa ndi mnzake amene ali pomwepo. N'chifukwa chake maphunziro amene sakupatsani nthawi yoyeserera kachipangizo kofufuzira wokwiriridwa, ndodo yobayira m'chipale ndi fosholo, mpaka manja azichita okha, si maphunziro ayi, kaya akutchedwa a msinkhu uti. Kunyamula zipangizozi m'chikwama osadziwa kuzigwiritsa ntchito n'kudzinamiza.

Chondikwiyitsa koposa ndi aphunzitsi achinyengo. Pa Facebook ndi Instagram padzaza achinyamata amene anakhalako nyengo imodzi kapena ziwiri ku mapiri, ndipo tsopano akulonjeza kukutengerani ku malo obisika pa mtengo wotsika. Iwo safunsa za msinkhu wanu chifukwa chimene akufuna ndi ndalama ndi zithunzi. Ku France aphunzitsi a ski ndi otsogolera m'mapiri amalandira ziphaso za boma kudzera ku sukulu ya ENSA ku Chamonix, ndipo ngakhale mphunzitsi wa ski wovomerezeka saloledwa kutsogolera anthu pa mtsinje wa madzi oundana wopanda zizindikiro. Imeneyo ndi ntchito ya wotsogolera m'mapiri, wa chiphaso chozindikiridwa ndi IFMGA, bungwe la padziko lonse la otsogolera m'mapiri. Vallée Blanche, njira ya pa mtsinje wa madzi oundana pafupi ndi Chamonix imene aliyense amailakalaka, imayambira pa Aiguille du Midi, phiri lotalika mamita 3,842, ndipo ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 20. Njira yake yodziwika si yotsetsereka moopsa, ndipo zimenezi ndi zimene zimapusitsa anthu, popeza ngozi yake ili m'ming'alu yakuya yophimbidwa ndi chipale, imene imafuna munthu wokhoza kutsata mapazi a wotsogolera osapatuka. Funsani chiphaso musanalipire, ndipo wokwiya ndi funsolo musiyeni pomwepo. Kwa abale athu ochokera ku Britain, werenganinso bwino inshulansi yanu, chifukwa ina salipira ngozi ya kunja kwa njira ngati munalibe wotsogolera wovomerezeka.

Ngati muli pakati pa magulu awiri, lembetsani lapansi ndipo muuze mphunzitsi zoona zokhudza mphamvu zanu, kuvulala kwakale kwa bondo, ndi nthawi imene munatsetsereka komaliza. Sukulu yabwino imakuonererani m'mawa woyamba, ndipo kukukwezani gulu n'kosavuta ngati mukuyenera, pomwe kukutsitsani muli kale kuseri kwa phiri, kutali ndi zikepe, sikutheka.