Amene waulula zinsinsi za mafia sapita kwawo ngati mfulu

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi, ndipo yanditopetsa: ati ku America chigawenga cha mafia (gulu lachinsinsi la zigawenga) chikangoulula anzake kwa apolisi, milandu yake yonse imathera pomwepo, boma limachipatsa chuma ndi nyumba yapamwamba, basi n'kumadya bwino mpaka kufa.

Zimene zimadziwika n'zosiyana. Woulula amayamba wavomera milandu yake, ngakhale imene apolisi sankaidziwa, ndipo chilango amagamula ndi woweruza. Chingachepe ndithu, koma ambiri amalowabe m'ndende, m'zipinda zapadera kuti anzawo akale asawapeze. Akagwidwa bodza, pangano lawo ndi boma limatha. Munthu woyamba wa m'gululi amene anaulula poyera mu 1963 anali kale pa ukaidi wa moyo wonse, ndipo anafera m'ndende mu 1971.

Lamulo loteteza mboni zotere linabwera mu 1970. Mboni imapatsidwa dzina latsopano, imasamutsidwira kudera lachilendo, ndi kandalama kongokwanira lendi ndi chakudya kwa kanthawi, kenako ikasake yokha ntchito. Kwawo sikubwereranso. Tangoganizani, mayi anu amwalira inu osakhuza maliro. Ku Sicily, chilumba cha ku Italy kumene mafia inayambira, ena amene anaulula anaphedwera abale awo.

Musanatumize nkhani yotere pa gulu la WhatsApp, funsani kuti mlanduwo unali m'khoti liti, chaka chanji, ndipo woweruza anagamula chiyani. Zigamulo zambiri za makhoti a ku America zimapezeka pa intaneti, ndipo nyuzipepa zakale zinazilemba. Ngati zimenezi palibe, ilekeni ikhale m'foni mwanu.