Kodi Mulungu wabwino amaloleranji zoipa?

M'mawa wa pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Mtima Onse, matchalitchi a mumzinda wa Lisbon ku Portugal anali odzaza pamene chivomezi chachikulu chinagwedeza dziko. Madenga anagwera opembedza, moto unabuka n'kuyaka kwa masiku angapo, ndipo amene anathawira kugombe la mtsinje wa Tagus anakokoloka ndi mafunde ochokera kunyanja. Otsalawo anafunsa funso limene ophunzira anga a nzeru za chipembedzo amandifunsa chaka ndi chaka: ngati Mulungu ndi wamphamvuzonse komanso wabwino, analoleranji kuti anthu afere m'nyumba yake akupemphera?

Funsoli ndi lakale. David Hume wa ku Scotland, m'buku lake lomwe linatuluka mu 1779 iye atamwalira kale, ananena kuti linachokera kwa Epicurus, Mgiriki wamakedzana: ngati Mulungu afuna kuthetsa zoipa koma sangathe, ndiye kuti mphamvu zake n'zopereŵera, ndipo ngati angathe koma safuna, ubwino wake uli pati?

Augustine, yemwe anali bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anaphunzitsa kuti choipa si chinthu cholengedwa, koma ndi kusoŵa kwa chabwino monga momwe mdima ulili kusoŵa kwa kuŵala, ndipo chimabwera munthu akagwiritsa ntchito molakwika ufulu wake wosankha. Yankho limeneli limagwira mtima tikamakamba za umbava kapena nkhondo, koma limatsimphina tikafika pa matope amene anatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023, pa nthaŵi ya namondwe wa Freddy, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Wina anganene kuti kudula mitengo m'phiri kunali kusankha kwa anthu, ndipo sakunama, komabe khanda limene linakwiririka silinagwirepo nkhwangwa.

Asilamu amaika nkhaniyi pa qadar, chikonzero cha Allah chimene munthu sangachione chonse, ndipo mavuto amawatenga ngati mayeso ofuna kupirira. N'chifukwa chake akamva uthenga wa maliro amanena mawu a mu Qur'an 2:156, akuti ife ndife a Allah ndipo kwa Iye tidzabwerera.

Chibuda chimadabwitsa ambiri kuno kwathu, chifukwa sichiphunzitsa za Mlengi, motero palibe woti afunsidwe mlandu. Abuda amasimba za mayi wina, Kisa Gotami, amene anapita kwa Buddha, woyambitsa chipembedzochi, atanyamula mtembo wa mwana wake kukapempha mankhwala. Buddha anamutuma kukapempha njere za mpiru, koma kuti zichokere pakhomo pamene sipanagwepo maliro. Mayiyo anayenda khomo ndi khomo, ndipo paliponse mpiru unalipo ndipo eni ake anali okonzeka kumupatsa, koma khomo losaferedwa silinapezeke. Pofika madzulo anakaika maliro a mwana wake, atamvetsa kuti imfa si yake yekha.

Ine ndimaona kuti buku la Yobu, limene Ayuda ndi Akhristu amaŵerenga limodzi, ndilo limalankhula moona mtima kwambiri, ngakhale kuti pasiwa timangotengamo mawu akuti Yehova anapatsa, Yehova watenga, n'kusiya zotsalazo. Anzake atatu a Yobu anakhala naye pansi masiku asanu ndi aŵiri, usana ndi usiku, osatsegula pakamwa, ndipo pamenepo anachita zimene akuluakulu athu amachita akafika pakhomo la namfedwa. Analakwa pamene anayamba kumufotokozera kuti mavuto ake ayenera kuti anabwera chifukwa cha tchimo lobisika. Yobu anakana, anadandaula mpaka kutemberera tsiku limene anabadwa, ndipo Mulungu atamuyankha m'kamvuluvulu sanamuuze chifukwa cha mavuto akewo. Koma pa Yobu 42:7 Mulungu anakwiyira anzake a Yobu aja, Elifazi ndi aŵiri enawo, amene ankayesa kuti akuteteza Mulunguyo, n'kunena kuti Yobu wodandaulayo ndiye analankhula zoona za Iye.