Makamera amene apolisi anawaveka matumba ku Birmingham

Mu June 2010, anthu a ku Sparkbrook ndi Washwood Heath, mumzinda wa Birmingham ku England, anayamba kuona zachilendo m'misewu yawo: makamera atsopano, ali pamwamba pa mizati yachitsulo, atavekedwa matumba kumutu. Anawaveka ndi apolisi eni ake, pofuna kutsimikizira anthu okwiya kuti makamerawo sakujambula aliyense.

Ambiri mwa makamerawo anali owerenga nambala za galimoto, amene amatchedwa ANPR. Luso limeneli linayambira ku Britain komweko mu 1976, ku nthambi ya apolisi yofufuza za sayansi. Galimoto ikadutsa, kamera imajambula nambala, n'kulemba malo ndi nthawi. Masiku amenewo zonsezi zinkatumizidwa ku nkhokwe ya apolisi ku Hendon, ku London, kumene zinkasungidwa zaka ziwiri, kaya mwini galimoto ali ndi mlandu kaya alibe. Makamera otere anali kale m'misewu ikuluikulu ya dzikolo ndipo ambiri sankawalabadira. Nanga ku Birmingham chinavuta n'chiyani?

Ntchitoyi, yotchedwa Project Champion, inaganiziridwa mu 2007. Chaka chimenecho apolisi anagwira anthu ku Birmingham amene ankakonza zoba ndi kupha msilikali wachisilamu wa dzikolo, ndipo mu June kunalephereka mabomba a m'galimoto ku London ndi Glasgow. Mantha a apolisi sanali ongopeka. Koma njira imene anasankha inali yozinga madera awiri okhala Asilamu ambiri, ochuluka a iwo ochokera ku Pakistan ndi ana awo, ndi makamera oposa 200, ena obisika. Anawatchera moti galimoto isalowe kapena kutuluka osajambulidwa. Mayi wopita kukagula nsalu ku Alum Rock Road, bambo woyendetsa takisi pa Stratford Road, onse ankayenera kulembedwa, chifukwa cha kumene amakhala basi.

Ndalama zake, mapaundi 3 miliyoni, zinachokera ku thumba lolimbana ndi uchigawenga limene linkayang'aniridwa ndi bungwe la akuluakulu a apolisi la ACPO. Apa ndi pamene panagona nkhani. Makhansala anauzidwa kuti makamerawo ndi othana ndi umbava ndi chisokonezo cha m'makwalala, ndipo ntchitoyo inkaonekera pansi pa dzina la Safer Birmingham Partnership, mgwirizano wa apolisi ndi khonsolo. Anthu wamba sanafunsidwe n'komwe. Anangodzuka n'kupeza mizati yazikidwa pafupi ndi makomo awo.

Ena anayamba kufunsa kuti mizatiyi ndi ya chiyani, ndipo nyuzipepala ya The Guardian itaulula kumene kunachokera ndalama, zinthu zinafika povuta. Khansala wa ku Sparkbrook, Salma Yaqoob, ndi phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, Roger Godsiff, anadzudzula poyera. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Liberty linaopseza kuti lipita kukhoti. Kunachitika misonkhano ya anthu odzaza holo, ndipo osati Asilamu okha, poti makamera ena anafika mpaka ku Moseley ndi madera oyandikana nawo.

Kafukufuku anapatsidwa kwa Sara Thornton, mkulu wa apolisi a dera lina la Thames Valley, ndipo lipoti lake linatuluka pa 30 September 2010. Wapolisi kufufuza apolisi anzake, ambiri ankayembekezera kuti awaikira kumbuyo, koma sanatero. Anapeza kuti anthu anasocheretsedwa pa cholinga chenicheni cha makamerawo, komanso kuti malamulo oyendetsera ntchito yozonda anthu sanaganiziridwe mokwanira. Mfundo imene ine ndimaiona yolemera kwambiri ndi yakuti apolisi a m'deralo analibe n'komwe malo oonera zithunzizo. Ngati makamerawo analidi ogwirira mbava, ndani akanaiona mbavayo? Chris Sims, mkulu wa apolisi a West Midlands, dera limene kuli Birmingham, anapepesa. Apolisi ananena kuti makamerawo sanayatsidwepo, ndipo mu 2011 anayamba kuwazula.

Anthu a ku Sparkbrook sankakana chitetezo; umbava ankaudandaula ngati wina aliyense. Chimene chinawawawa n'kunamizidwa, ndi kuzindikira kuti dera lonse laikidwa m'gulu la oganiziridwa. Apolisi amene amadalira anthu kuti awatsine khutu pa za uchigawenga anadzitsekera okha makomo amenewo.

Mu 2012 boma linakhazikitsa lamulo la Protection of Freedoms Act, limene linabweretsa ofesi ya kamishona woyang'anira makamera ozonda anthu. Chaka chotsatira, ofesi yoteteza zinsinsi za anthu ya ICO inagamula kuti apolisi a Hertfordshire anaphwanya lamulo pozinga tawuni yaing'ono ya Royston ndi makamera a ANPR, chifukwa analephera kufotokoza vuto lalikulu limene linkafuna kuti galimoto iliyonse yolowa ndi kutuluka ilembedwe.