Mawu a cardio amene amalembedwa m'buku la kuchipatala: mafunso ndi mayankho

Azakhali anga atabwerako kuchipatala m'kabuku mwawo munali mawu awiri, cardiomegaly ndi CCF, ndiye pakhomo ponse panangoti zii, aliyense akuganiza kuti basi zatha. Ndinakhala nawo pakhonde n'kumawaphwanyira mawuwo kamodzikamodzi mpaka nkhope yawo inamasuka. Ena mwa mafunsowa ndi omwe anandifunsa tsiku limenelo.

Kodi cardio ameneyu ndi Chingerezi?

Ayi, anachokera ku Chigiriki, kardia, kutanthauza mtima basi. Cardiology ndi maphunziro a za mtima, cardiologist ndi dokotala wake.

Nanga mawu ataliataliwa pali lamulo lowerengera?

Lilipo, ndipo ukaligwira sungaiwalenso. Liwu lililonse limakhala tizidutswa tiwiri kapena titatu tolumikiza, ndiye muziyamba ndi kakumapeto. Itis ndi kutupa, megaly ndi kukula kopitirira, pathy ndi matenda, gram ndi cholembedwa kapena chojambulidwa. Kenako onani kakutsogolo, myo ndi mnofu, peri ndi chozungulira, endo ndi mkati. Myocarditis ndiye kuti kutupa kwa mnofu wa mtima, endocarditis kutupa kwa mkati mwa mtima kumene kuli timavavu totseka ndi kutsegula njira ya magazi, cardiomegaly ya azakhali ija mtima wakula. Ka o ka pa cardio ndi kolumikizira chabe, kamachoka ngati chotsatira chikuyamba ndi lembo la liwu, nchifukwa chake amati carditis osati cardioitis.

Pericarditis ndikufuna ndiyitchule payokha chifukwa kwathu kuno siyachilendo. Mtima umakhala m'kathumba kotchedwa pericardium, kathumbako kakatupa nthawi zina mumadzaza madzi n'kumaupanikiza mtima, ndipo kuno chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi TB makamaka kwa amene ali ndi HIV. Ndiye musadabwe munthu akudandaula mtima koma akupatsidwa mankhwala a chifuwa chachikulu, adokotala sanasokoneze ayi.

Anandilembera tachycardia, ndi matenda oopsa?

Tachy ndi kufulumira, brady ndi kuchedwa. Munthu wamkulu akangokhala osagwira ntchito mtima umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi, ukapitirira 100 ndi tachycardia, ukatsika pansi pa 60 ndi bradycardia. Liwuli likungonena zimene apeza, silikunena chayambitsa. Kutentha thupi kwa malungo, kuchepa magazi, kutha madzi m'thupi ngakhale mantha enieniwa zonsezi zimathamangitsa mtima, ndiye funsani kuti chayambitsa nchiyani. Makanda mtima wawo umagunda mwachangu mwachibadwa, ndipo othamanga masewera ambiri umawagunda pansi pa 60 ali bwinobwino.

ECG ija amakulowetsa magetsi m'thupi?

Iyi imandipweteka mtima chifukwa pali anthu amaiopa ndithu akangoona mawaya aja akumatidwa pachifuwa. Sakulowetsani kalikonse. Mtima uli ndi timagetsi takewake tomwe timauuza kuti ugunde, makinawo amangotiwerenga n'kulemba mizere yokwera ndi yotsika papepala, dzina lonse ndi electrocardiogram. Willem Einthoven wa ku Netherlands ndi amene anakonza makina oyamba odalirika ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1924. Mukaona EKG ndi chomwechomwecho, K wachokera ku kalembedwe ka Chijeremani. Echocardiogram ndi ina, ija amakupakani mafuta oterera pachifuwa n'kumaona mtima pa sikirini ngati sikani ya amayi oyembekezera.

CCF ndiye kuti mtima wasiya kugwira ntchito?

Ayi ndithu. Ndi congestive cardiac failure, mtima ukugunda koma ukupopa mofooka, ndiye madzi amaunjikana, miyendo imatupa, munthu amabanika akagona chagada mpaka amafuna mapilo awiri atatu. Mankhwala alipo, ena ndi okodzetsa kuti madziwo achoke, komanso amauzidwa kuchepetsa mchere. Mtima kusiyiratu kupopa ndi cardiac arrest, munthu amagwa n'kukomoka osapuma bwino ndipo pamafunika CPR pompopompo, kutanthauza kumudinikiza pachifuwa mobwerezabwereza kuti magazi aziyendabe. Myocardial infarction ndi inanso, mtsempha wodyetsa mnofu wa mtima watsekeka ndiye mbali ya mnofuwo ikufa.

Mawuwa amangopezeka kuchipatala kokha?

Ali ponseponse. Cardio wa ku jimu ndi masewera othamangitsa mtima. Polowera m'chifu pamene kholingo la chakudya limathera amapatchula cardia chifukwa pali pafupi ndi mtima, ndipo chilungulira chimayambira chapomwepo. Maikolofoni ambiri oyimbira m'tchalitchi ndi a cardioid chifukwa dera limene amatolera mawu ukalijambula limaoneka ngati mtima. Mtedza wa cashew dzina lake la sayansi ndi Anacardium, ndipo banja lake Anacardiaceae ndi lomwe muli mango athuwa.

Ndiye liwu lililonse loyamba ndi card ndi la mtima?

Ayi, apa samalani. Kadinala wa mpingo wa Katolika anachokera ku Chilatini cardo, kutanthauza hinji ya chitseko. Juzi ija ya cardigan ndi dzina la Earl of Cardigan, mkulu wa asilikali wa ku Britain. Khadi ya ku banki nayo ayi, gwero lake ndi liwu lina lachigiriki, khartes, lotanthauza pepala la gumbwa.