Mapazi a tinthu tosaoneka: kuchokera pa mitambo ya Wilson kufika ku CERN

Palibe munthu amene anaonapo ndi maso ake elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri ka mu atomu kokhala ndi mphamvu ya magetsi. Chimene akatswiri a fizikisi amaona ndi mapazi amene kanthuko kasiya podutsa, monga momwe mlenje amadziwira nyama poyang'ana pamene yaponda.

Luso limeneli linayamba ndi munthu amene maganizo ake anali pa mitambo. Mu 1894, Charles Wilson wa ku Scotland anagwira ntchito kwa milungu ingapo pamalo oyezera nyengo pamwamba pa phiri la Ben Nevis, ndipo kuwala kwa dzuwa pa mitambo kunamutenga mtima moti atabwerera ku Cambridge anayamba kupanga mitambo yake m'kachipinda kagalasi. Anapeza kuti mpweya wachinyezi ukafutukuka mwadzidzidzi umazizira, ndipo timadontho ta madzi timaundana pa maatomu amene alandidwa maelekitironi. Choncho kanthu kokhala ndi mphamvu ya magetsi kakadutsamo, kamasiya kamzera koyera ka timadontho, ndipo mu 1911 Wilson anajambula timizera timeneti koyamba.

Phindu lake linaonekera bwino mu 1932, pamene Carl Anderson wa ku yunivesite ya Caltech ku America anaika kachipinda kotere pakati pa maginito amphamvu, amene amakhotetsa njira ya tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi, n'kupingasa kachitsulo ka mtovu mkati mwake kuti adziwe kumene kanthu kachokera. Kamzera kena kanali kofanana ndi ka elekitironi koma kanakhotera mbali yosiyana. Umu ndi mmene positironi, kanthu kofanana ndi elekitironi koma kokhala ndi mphamvu ya magetsi yosiyana nayo, inadziwikira, ndipo ndimaona kuti chithunzi chimodzi chimenechi n'chimodzi mwa zithunzi zamtengo wapatali m'mbiri ya sayansi.

Mu 1952 Donald Glaser anagwiritsa ntchito zamadzimadzi zotsala pang'ono kuwira, momwe kanthu kodutsa kamasiya timathovu. Zithunzi zinachuluka kufika mamiliyoni, ndipo anthu amene ankazifufuza chimodzichimodzi, ambiri mwa iwo amayi, sakumbukiridwa mokwanira ngakhale kuti zambiri zinatulukira m'maso mwawo.

Georges Charpak ndiye anasintha zinthu mu 1968 ku CERN, malo aakulu ofufuzira za fizikisi a ku Ulaya, poyala timawaya tambirimbiri mumpweya wapadera kuti kanthu kakadutsa pafupi, waya uzitumiza chizindikiro ku kompyuta nthawi yomweyo. Anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1992. Makina a ATLAS a ku CERN, ozindikira tinthu totere, otalika mamita 46 ndi olemera matani 7,000, amadalira njira yowerengera ndi magetsi imeneyi, ndipo pamodzi ndi makina ena a komweko otchedwa CMS ndi amene mu 2012 anapeza Higgs boson, kanthu kamene kamathandiza kufotokoza chifukwa chake tinthu tina timakhala ndi kulemera.