Fujifilm yakaunjika kapena kakamera kanyuwani ka m'thumba, tigule iti?

Mwezi wathawu mwana wa achemwali anga, amene wangoyamba kumene uphunzitsi, ananditumizira zithunzi ziwiri pa WhatsApp usiku ndithu cha m'ma 10 koloko. China chinali cha Fujifilm X-E1 yakaunjika, penti itayamba kusupuka m'makona, chinacho cha Kodak PixPro FZ55 yanyuwani ili m'bokosi mwake. Pansi pake analemba kuti "ankolo ndigule iti apa, ya Kodak ndi yatsopano komanso ma megapixel ndi 16 onse, nde kusiyana kwake nkotani". Funso limeneli ndalimva kambirimbiri pa zaka zomwe ndakhala ndikujambula maukwati ndi zinkhoswe, nde ndati bwanji ndingoliyankhira pano kamodzi aliyense amve.

Tiyambe kaye ndi dzina loti rangefinder, poti ogulitsa makamera ngati X-E1 amakonda kulitchula kuti mtengo ukwere. Rangefinder yeniyeni ndi ngati Leica M3 ija inatuluka mu 1954, ukasuzumira pa kawindo kake umaona tizithunzi tiwiri pakati, umapotokola lenzi mpaka tiwirito titasanduka kamodzi, apo ndiye kuti focus yakwana. X-E1 ilibe zimenezo, Sony a6000 ilibenso. Anangotengera kaonekedwe basi: thupi lafulati ngati njerwa, kawindo kosuzumira kali pakona yakumanzere, osati pakati pa linunda ngati ma DSLR aja mumawaona ndi ojambula pa ukwati. Mkati mwa kawindoko muli ka screen kakang'ono. Ubwino wake ndi woti mphuno siipaka mafuta pa screen yakumbuyo, ndipo diso lamanzere limakhala likuona amene akubwera kudzakudutsa kutsogolo ndi mbale ya perekaniperekani.

Tsono nkhani ya ma megapixel, apa mpomwe anthu ambiri amapusitsidwa. Chimene chimagwira kuwala mkati mwa kamera ndi sensa. Ya X-E1 ndi ija amati APS-C, kukula kwake pafupifupi mamilimita 23.6 kwa 15.6. Ya FZ55 ndi timakamera tinzake monga Canon IXUS 185 kapena Sony W800 ndi ija amalemba 1/2.3, mamilimita 6.17 kwa 4.55, kachikhadabo ka chala chaching'ono kamaiposa. Mukawerengetsa bwino ya Fujifilm ndi yaikulu pafupifupi ka 13. Nde taganizani makolo awiri, aliyense ali ndi ana 16, wina akugawa munda wa maekala 13 wina akugawa ekala imodzi. Ana ndi ofanana inde, koma pokolola ena abwera ndi ngolo ena abwera ndi kadengu. Pixel iliyonse pa sensa yaying'ono imalandira kuwala kochepa, kamera imachita kukuwa kuti chithunzi chioneke, ndiye kukuwako ndi timadontho tija timaoneka ngati mchenga pankhope ya munthu. Kuti ibise mchengawo imasalaza chithunzi chonse, tsitsi la mkwatibwi lomwe analuka maola asanu limangotuluka ngati phala. IXUS 185 ndi W800 analembapo 20 megapixel pa bokosi, kuposa X-E1, koma mundawo ndi womwewo wa ekala imodzi, angowonjezera ana.

Masana dzuwa lili phwee kusiyanaku simungakuone kwenikweni, makamaka ngati chithunzicho chikungothera pa status. Vuto limabwera kuwala kukachepa, ndipo zochitika zathu zambiri zimakhala mu mdima ngakhale sitizindikira. Tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, holo ya chinkhoswe cha m'ma 5 madzulo mababu atatu okha akuyaka, pabalaza pa agogo, magetsi akazima nde osanena. Pamalo ngati amenewo ine ndimaika ISO, nambala ya kukuwa kuja, pa 3200 pa Fujifilm yakale ndipo nkhope zimatuluka zooneka, khungu lakuda lili ndi mtundu wake weniweni osati lotuwa. Kakamera ka m'thumba kakafika pa 800 kayamba kale kulira.

Kenako lenzi. Nambala ija ya f imanena kukula kwa bowo lolowera kuwala, ikachepa ndiye kuti bowo ndi lalikulu, zimasokoneza koma ndi choncho. Lenzi ya FZ55 imayambira pa f/3.9 ndipo mukakoka zoom mpaka kumapeto imatsekeka kufika f/6.3. Pa Fujifilm mutha kumangapo XC 35mm f/2, yapulasitiki yotchipa koma yakuthwa zedi, imalowetsa kuwala pafupifupi kanayi kuposa f/3.9 ndi kakhumi kuposa f/6.3. Phatikizani ndi sensa ija muone mpata wake. Komanso kumbuyo kosungunuka kuja anthu amakukonda, munthu ali ngwee koma mpanda wa udzu ndi zovala zoyanika kumbuyo kwake zitafufutika, kumachokera pa sensa yaikulu ndi bowo lalikulu. Kakamera ka m'thumba sikangakupatseni zimenezo pa chithunzi cha munthu, chilichonse chimaoneka, mpaka chitini cha zinyalala chili uko.

Koma chimene ndinamuuza mwana wa achemwali anga choyambirira sichinali chimenecho. Ndinamufunsa kuti foni yako ndi yanji. Chifukwa mdani weniweni wa kakamera ka m'thumba si Fujifilm ayi, ndi foni ili m'manja mwanumo. Mafoni ambiri apamwamba masiku ano sensa ya kamera yawo yaikulu inaposa kale 1/2.3, komanso foni ukadina kamodzi imajambula zithunzi zingapo mwachangu nkuziphatikiza kukhala chimodzi choyera, nzeru zimene timakamera totchipati tilibe. Ndiye munthu amatulutsa ndalama, wanyamula chinthu chachiwiri m'chikwama, chofuna chaja yakeyake ndi memory card yakeyake, nkupeza kuti usiku foni ikujambula bwino kuposa kamera. Ndaziona zimenezi, munthu kukhumudwa sabata yoyamba yomwe.

Sindikunena kuti timakamerati nto chabe, ndisanamizire. Pali zinthu ziwiri zomwe foni wamba singakwanitse. Choyamba zoom yeniyeni ya magalasi, FZ55 imachoka pa 28 kufika 140mm, mwana wanu ali pa siteji tsiku la graduation inu muli kumbuyo mutha kumukoka ndithu bola kuwala kukhalepo, pomwe foni yotchipa imangodula chithunzi nkuchifufumitsa. Chachiwiri fulashi. Fulashi ya kamera ndi ija imang'anima kamodzi mwamphamvu ngati mphezi, siili ngati katochi ka LED ka pa foni, nde imaumitsa anthu ali mkati movina, nkhope zowala kumbuyo kuli bii, maonekedwe aja a zithunzi za m'ma 2005. Achinyamata pa TikTok ndi Instagram ndi zimenezo anazikonda, mpaka timakamera tomwe anthu anataya m'madirowa tinakweranso mtengo. Ngati chimene mukufuna ndi chimenecho, zithunzi za pa phwando ndi anzanu, kakamera kolowa m'thumba la jinzi komwe mutha kupatsira aliyense kuti "tatijambulani", gulani ka m'thumba mtima uli m'malo, palibe cholakwa. Kamng'ono kake ka FZ55, kotchedwa FZ45, kamagwiritsa mabatire a AA omwe mungawapeze pa grocery iliyonse, kumudzi zimenezo si zocheza. Ndipo chanyuwani ndi chanyuwani, palibe amene anachigwetsapo.

Mwa njira, Kodak ya pa bokosilo si Kodak ija ya mafilimu imene makolo athu ankaidziwa ikupanga yokha, dzinalo anabwereketsa kwa kampani ina yotchedwa JK Imaging. Sizikutanthauza kuti ndi feki, kungoti musagule chifukwa cha dzina.

Tsono mbali yowawa ya kamera yakaunjika, poti nayonso ili ndi minga yake ndipo ogulitsa sanena. Mtengo umene mwauona nthawi zambiri ndi wa thupi lokha, body only, popanda lenzi. Thupi lopanda lenzi ndi galimoto yopanda matayala, ndipo lenzi yabwino ya Fujifilm ngati XF 35mm f/1.4 kapena XF 18-55mm itha kudya ndalama zofanana ndi thupilo kapena kuposa. Chiyambireni X100V kutchuka pa TikTok cha m'ma 2022 chilichonse cholembedwa Fujifilm chinakwera, ndi zakale zomwe. Nde werengerani zonse pamodzi, thupi, lenzi, batire lachiwiri, khadi, ndi zotumizira ngati ikuchokera kwa achibale ku Johannesburg kapena ku UK, musanayerekeze ndi mtengo wa kanyuwani kaja.

X-E1 inatuluka mu 2012 ndipo focus yake ndi yaulesi, tinene zoona. Mu mdima lenzi imapita kutsogolo kubwerera kumbuyo ikusakasaka, mwana amene mumafuna kumujambula wathamanga kale. Munthu woima, chakudya, malo, maluwa, zonsezo ilibe nazo vuto. Ilibenso Wi-Fi, kuti chithunzi chifike pa foni mufunika ka card reader kolowetsa ku foniko. X-E2 ya 2013 inakonza zonse ziwiri, focus yachangupo ndi Wi-Fi, ndipo kudzera mu firmware (pulogalamu ya mkati mwa kamera) ya 2014 inalandira mtundu uja wa zithunzi wotengera filimu wotchedwa Classic Chrome umene anthu amaufera, X-E1 ilibe umenewo, ili ndi Provia, Velvia, Astia ndi ina ingapo. Ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa tengani X-E2 osaganizanso kawiri. Koma ngati zanu ndi ana othamanga, mpira wa pa sukulu, magule, ine ndingakulozereni Sony a6000 ya 2014, ma megapixel 24, zithunzi 11 pa sekondi, focus yogwira ngati nkhanu. Mitundu yake yochokera m'kamera momwemo siyokoma ngati ya Fujifilm kwa ine, menu yake ndi nkhalango, koma siphonya kawirikawiri. Imachajanso pa USB ndiye power bank imakupulumutsani magetsi akapita, pomwe X-E1 mpaka muchotse batire muike mu chaja yake ya pakhoma. Batire la onsewa limatha pa zithunzi 300 ndi kanthu likakhala latsopano, la zaka khumi musalikhulupirire, gulani lina, NP-W126 ya Fujifilm, NP-FW50 ya Sony. Za vidiyo musavutike nazo, X-E1 ndi yofooka pamenepo, foni yanu ikuposa.

Ndipo ikafa yafa. Zipangizo za kamera ya 2012 kuzipeza ndi ntchito, okonza mafoni pa msika musawapatse ayesere. Nchifukwa chake poigula muyenera kuifufuza ngati mukugula mbuzi. Ine ndinaphunzira movutika, ndinagulapo lenzi kwa mkulu wina tinakumana pa malo okwerera minibasi, kunja yoyera bwinobwino, ndinangoyesa zithunzi ziwiri nkulipira. Kufika kunyumba ndawalitsa tochi ya foni mkati, ndikuona timizere toyera tayala pagalasi ngati ukonde wa kangaude, chuku chimenecho, ndipo chikadya galasi sichichoka. Zithunzi zonse zoyang'ana kudzuwa zinkatuluka mbuu. Foni ya mkuluyo kuyambira tsiku limenelo sinapezekenso. Nde inu walitsani tochi mu lenzi muli pomwepo. Ikani pa f/16 mujambule khoma loyera kapena kumwamba, mukulitse chithunzicho, madontho akuda ndi fumbi la pa sensa, limenelo limapukutika, koma mzere wowongoka ndiye kuti sensa inakandika, isiyeni. Pindani dayilo iliyonse muone ngati nambala zikusintha moyenera osadumpha, suzumirani mu kawindo, lowetsani khadi yanu muitulutse kangapo, yang'anani tizitsulo ta mobayira batire ngati tachita dzimbiri. Pa Sony chiwerengero cha zithunzi zomwe shutter yajambula chimabisika mu fayilo ya chithunzi, pali masamba a pa intaneti owerenga zimenezo mwaulere. Wogulitsa akakana kuti muyese, nyamukani.

Mukaigula, nyengo yathu ino ili ndi adani awiri. Fumbi la Okutobala, musamasinthe lenzi panja mphepo ikuwomba, ndipo posintha kamera iziyang'ana pansi. Chinyezi cha dzinja ndiye chimabweretsa chuku chija, musaitsekere m'chikwama pansi pa bedi miyezi itatu, ikani mu kontena yotseka bwino ndi timapaketi tija timabwera m'bokosi la nsapato. Makamera onsewa sanapangidwe kuti anyowe, mvula ikayamba kudontha bisani.

Ndiye yankho langa kwa mwanayu linali lakuti, foni uli nayo yabwino kale, ukuti ukufuna kuphunzira kujambula ndipo mwina mtsogolo uzipezako kangachepe pa ma bridal shower, tenga Fujifilm. Ili ndi dayilo ya shutter pamwamba, pa ma lenzi ambiri bowo umatsegula ndi dzanja pa lenzi pomwepo, ukulakwitsa ukuona chimene walakwitsa, imajambula RAW, fayilo yaiwisi ya chithunzi yoti ukakonze pa kompyuta, ndipo lenzi ukagula lero idzagwirabe pa thupi latsopano la Fujifilm X ukadzapeza ndalama. Ka m'thumba kaja kamakusankhira pafupifupi chilichonse, ukatha nako chaka udzakhala ukudziwa zomwe unkadziwa tsiku loyamba.

Ndalama ya lenzi ya autofocus inamuperewera, nde anagula X-E1 ija ndi ka TTArtisan 35mm f/1.4 kaku China kopotokola ndi dzanja. Sabata yoyamba ananditumizira zithunzi 40, zakuthwa zinali zitatu, uthenga wake unali woti "ankolo mwandigulitsa". Ndinamuuza ayatse focus peaking, ija imawalitsa m'mphepete mwa chinthu chimene chili pa focus, ndipo ayambe pa f/2.8 kaye osathamangira f/1.4. Lamulungu lapitali watumiza cha agogo ake atakhala pakhonde akusankha nyemba m'lichero dzuwa likulowa, makwinya a m'manja onse akuoneka, nkhuku ili kumbuyo yangosanduka kamthunzi kofiira. Focus inagwera pa lichero osati pa maso, ndamuuza akabwerezenso.