Magetsi a gasi nawo amaipitsa mpweya

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zomwezi: akuti magetsi opangidwa ndi gasi saipitsa mlengalenga poti pamalopo sipatuluka utsi wakuda. Zafika potopetsa.

Gasi wachilengedwe kwenikweni ndi methane, ndipo mu methane muli kaboni. Akapsa amatulutsa carbon dioxide, mpweya womwe maso sauona koma umatenthetsa dziko. Inde, malasha ndiye oipitsitsa: amatulutsa magalamu pafupifupi 1,000 a carbon dioxide pa yuniti imodzi ya magetsi, pomwe makina amakono a gasi amatulutsa pafupifupi 400. Koma 400 si ziro. Komanso methane wothawa m'mapaipi asanapse amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide.

Wina akati gasi ndi waukhondo, mufunseni magalamu pa yuniti, komanso ngati wawerengera wothawayo. Akasowa yankho, uthengawo musautumize kwa ena.